Keto, michopo ndi timiyala ta mu impso

Mayi wina wa ku Chelstone mu Lusaka wandilembera imelo. Akuti wayamba keto, kadyedwe kosiya nsima, shuga ndi zina zotere n'kumadya kwambiri zamafuta ndi nyama, kuti achepetse thupi, koma akuopa miyala ya mu impso poti bambo ake anadwalapo. Mayi, mwandiputa dala, chifukwa nkhani imeneyi inatisowetsa tulo kwathu.

Mlamu wanga amayendetsa minibasi ya ku Matero. Chaka china anawerenga pa Facebook kuti nsima ndiyo imanenepetsa, basi anaileka. M'mawa mazira, masana michopo ya mbuzi yothira mchere wambiri, madzulo nyama ya nkhumba kapena kapenta. Madzi sankamwa, ati pamsewu ukakodza kuti? Mimba inaphwadi, ndipo anzake pa siteshoni ankamuchemerera. Ndiye mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinamupeza akugubuduzika pansi atagwira m'nthiti chakumsana, thukuta lili kamukamu, mkodzo utafiira. Kuchipatala atamujambula anapeza kamwala kochepa ngati njere ya mpunga. Kameneko ndi kamene kanaliritsa bambo wa ndevu zake.

Achibale anathamangira kuloza chala madzi a pa mjigo wa panyumba pake, ati taonani zoyera zimene zimamata m'ketulo. N'zoona kuti Lusaka anakhala pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake maketulo athu amatero. Koma mlandu kuupereka kwa madzi kunangomupatsa chifukwa china chosamwera, pamene kusamwako ndiko kunamugwetsa.

Nyama ikachuluka, mkodzo umakhala ndi asidi wambiri, uric acid ndi kashiamu zimachuluka mmenemo, pamene citrate, amene amaletsa timiyala kuumbika, amachepa. Mchere nawo umakokera kashiamu mu mkodzo. Mkodzo ukakhalanso wochepa chifukwa cha thukuta, zonsezi zimaundana. Ogulitsa keto pa WhatsApp sanena kuti kadyedwe kameneka madokotala anakayambitsa m'ma 1920 pothandiza ana odwala khunyu, ndipo mpaka lero ana amenewa amawayang'anira za miyala ya mu impso. Ine zimandinyansa kuona munthu amene sanakuyezeni n'komwe akukulipiritsani ndalama kuti akuuzeni zosiya nsima ndi nyemba.

Nawonso a timadziti tobiriwira asadzione ngati opulumuka. Miyala yambiri imakhala ya calcium oxalate, kutanthauza kashiamu wogwirana ndi oxalate wopezeka m'zomera, ndipo sipinachi, bondwe ndi beetroot zili ndi oxalate wochuluka. Bondwe wophika pambali pa nsima sindikulimbana naye, agogo athu anakulira yemweyo. Ndikunena zogaya sipinachi yaiwisi m'makina tsiku ndi tsiku n'kumagugudiza botolo lonse mimba ili pululu.

Chimene chimadabwitsa anthu ndi mkaka. Mlamu atatuluka m'chipatala anafuna kusiya mabisi, ati muli kashiamu. Ayi ndithu. Kashiamu wa m'zakudya amagwirana ndi oxalate m'matumbo, n'kutuluka naye kuchimbudzi asanafike ku impso. Kafukufuku wa ku Italy wa mu 2002 anapeza kuti amuna amene ankadya kashiamu wokwanira koma atachepetsa mchere ndi nyama, miyala sinkawabwerera kawirikawiri poyerekeza ndi amene anauzidwa kuchepetsa kashiamu.

Nanga inu mutani, Mayi?

Poti bambo anu anadwalapo, chiopsezo chanu n'chokwererapo kale, choncho keto musapitirize musanakambirane ndi dokotala. Imwani madzi mpaka mkodzo uziyera, pafupifupi malita 2.5 a mkodzo patsiku, ndipo mukafinyiramo ndimu ndi bwino. Mchere usapose magalamu 5 patsiku monga amanenera a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kuwerengera ndi wa mu kapenta ndi tizokometsera ta m'mapaketi. Zakumwa zashuga zisiyeni. Ngati cholinga ndi kuchepa thupi, chepetsani mitanda ya nsima, onjezerani repu, chibwabwa, nyemba ndi zipatso. Mukamva kupweteka kwa m'nthiti chakumsana pamodzi ndi kutentha thupi kapena kusanza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musayambe mwafunsa pa gulu la WhatsApp.