Foniyo muwagulire amayi, koma pini ikhale yawo

Achemwali amene mwafunsa zoti mukufuna kuwagulira amayi anu foni ya WhatsApp kuti muzionana nkhope poti inu muli ku Joni, koma alongo anu akukana ati mayi akula sangaithe komanso anthu awabera ndalama, ine ndiyankhepo poti ntchito yanga ndi yomweyi. Ndimakhala pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba pa Chitakale pano ku Mulanje, zaka 6 tsopano, ndipo ndisanayambe zimenezi ndinali ndi kashopu kotchaja mafoni ndi kubena nyimbo m'mamemore. Nde azimayi a msinkhu wa amayi anuwo ndimakumana nawo daily, makamaka kumathero a mwezi anthu akalandira ku esiteti.

Zoti akulazo ine sindikuvomereza ayi. Anthu amenewa aona zambiri kuposa ife. Anayambira makalata ochokera ku migodi owawerengera mwana wa sukulu, kenako kunabwera ma telefoni byuro aja olipira pa mphindi munthu kumayankhula maso ali pa wotchi, kenako Celtel, mu 2008 akuti Zain, mu 2010 akuti Airtel, iwo kumangokala makadi a mayunitsi ndi kakobidi osadandaula. Mu 2018 atalamula a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, kuti simu iliyonse ilembetsedwe anaima pamzere ndi chiphaso cha unzika ngati wina aliyense. Munthu woti amasunga m'mutu masheya a gulu lonse la banki mkhonde, amadziwa makilo a tiyi amene wathyola sabata yonse osalemba paliponse, angalephere kudina kabatani kamodzi? Amene amalephera ndife ana, timaphunzitsa mokalipa, dinani apa dinani apa, akachedwa pang'ono talanda foni tapanga tokha, basi iwo nkugwa ulesi.

Amayi anga ali ku Luchenza, sukulu analekezera sitandade 3. Kulemba meseji ndinasiya kuwavutitsa nako, ndinangowaonetsa kamaikolofoni kaja ka pa WhatsApp kotumizira mawu, gwirani apa osasiya, yankhulani, mukamaliza siyani. Tsiku loyamba anagwira foni ndi manja awiri ngati akulandira mbale kwa apongozi nkuti odi odi kumeneko, kenako phee kudikira kuti ndiyankhe kkkk. Pano amanditumizira za mphindi 7, kuyambira moni wa aliyense m'nyumba, maliro onse a m'mudzi, mtengo wa nandolo kwa mavenda, mbuzi ya aneba yadya chinangwa, mpaka pemphero kumapeto. Ndipo ndi iwo anaphunzitsa anzawo awiri a kumvano.

Pamene alongo anu akunena zoona ndi pa ndalamapo, koma wakubayo nthawi zambiri sachokera kutali. Foni yapamwamba ikafika kumudzi sikhalitsa m'manja mwa mwini wake, imathera kwa mdzukulu. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wachikulire ndi kamnyamata ka fomu 2, akuti mwana wanga wanditumizira K50,000 ndipatseni yonse. Foni ili ndi mnyamata, pini akudina mnyamata, ikukana. Ndinati tayang'anani kaye balansi, munali K31,000. Mnyamata maso pansi. Zinazo zinapita ku mabandulo ndi kubetcha mpira, pang'onopang'ono, K500 lero K1,000 mawa. Mayi aja sanakalipe, anangomanga ndalama yotsalayo pa nsonga ya chitenje nkunyamuka, ine mtima unandiwawa tsiku lonse. Ena amafika nkutchula pini mokweza anthu ali mbweee pa benchi, ena anailemba pa kapepala nkumata kuseri kwa foni komweko. Ine ndimakana kuwadinira, ndimatembenuka kuyang'ana ku phiri kuti adine okha olo zitenge mphindi zingati, anthu pamzere amang'ung'udza koma bola.

Nde chimene ndingakuuzeni, foni ya mabatani imene ali nayoyo musawalande. Simu ya ndalama ikhale momwemo. *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba sizifuna intaneti, zimagwira pa kafoni kalikonse, ndipo kafoni kameneko kamalowa m'chilundu, mdzukulu sakafuna poti mulibe TikTok. Yapamwambayo muikemo simu ina ya bandulo basi, ana akaibwereka palibe chimene angatapemo. Komanso batire, nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 magetsi atapita misewu itaduka, amene ankakwanitsa kuuza abale kuti tili moyo netiweki ikabwera anali a timafoni ta mabatani tomwe timakhala masiku angapo osatchaja, zikuluzikuluzi zinali zitazima kalekale. Ngati kwanuko kulibe magetsi a ESCOM onjezani kasola kakang'ono, apo ayi foni izigona ku shopu yotchajira ndipo kumeneko nkomwe mabatire ndi mamemore amasinthidwa.

Simu zonse zilembedwe m'dzina lawo ndi chiphaso chawo. Anthu amatenga zachidule kulembetsa m'dzina la mlamu kapena mdzukulu, tsiku lomwe foni yatayika muli ndalama, pokabwezeretsa nambala amafuna mwini chiphaso, mwini chiphasoyo ali ku Nampula kapena munayambana naye chaka chatha.

Musanagule funsani kaye netiweki imene imagwira pakhomo penipenipo, osati pa msika. Kuno phiri limatchinga, nyumba ina ikugwira bwinobwino ina yoyandikana nayo mpaka ukwere pachulu. Ngati kwanu ndi cha ku Limbuli kapena Muloza foni imatha kudumphira yokha ku netiweki ya ku Mozambique, nde wina alowe mu settings asankhe netiweki pamanja ndi kutseka roaming. Ndipo mukagula konko ku Joni onetsetsani kuti si yokhoma ija yolola simu ya kampani imodzi yokha, ndaona angapo atafika nayo kuno nkukhala galasi lodziyang'anira. Chitsikireni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mafoni kuno anakwera zedi, koma Itel kapena Tecno wamba akwanira, amakonzeka paliponse ndipo chaja yake sisowa. Ya mtengo wapatali ingowaika pa maso a anthu.

Ikafika mukonze izi musanawapatse: zilembo zikhale zikuluzikulu, manambala a ana onse asungidwe ndi zithunzi zawo, pa sikirini pasakhale zinthu zambirimbiri, ndipo auto download ya WhatsApp itsekedwe, chifukwa akangowalowetsa mu gulu la mpingo ndi la maliro a m'mudzi mavidiyo amalowa okha, bandulo ya sabata kutha tsiku limodzi iwo nkumati foni yanga yafa. Video call imadya kwambiri, muziisunga ya Lamlungu, masiku enawa mawu okha akwana.

Za akuba a pafoni aja muwauze mobwereza ngati katekisimu. Kumabwera meseji yooneka ngati mwalandira ndalama, kenako munthu kuimba akulira ati ndatumiza molakwika inali ya kuchipatala chonde bwezani. Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, yabodzayo imachokera pa nambala wamba, ndipo mukayang'ana balansi palibe chalowa. Ena amati mwawina, ena amati ndife a bungwe tikulemba okalamba tumizani ya fomu. Kwa amayi anuwo yoopsa ndi iyi yoti mwana wanu wagwidwa pa boda kapena katundu amene watumiza wakanidwa tumizani msanga, poti aliyense m'mudzi akudziwa kuti muli ku Joni. Mugwirizane kuti aliyense wotchula ndalama pa foni, iwo adule nkuimbira inu kapena mlongo wanu. Manambala 6 aja amene WhatsApp imatumiza potsegula akaunti asauze munthu, mukapereka amenewo akaunti yapita, akubawo nkuyamba kupempha ndalama abale onse m'dzina la mayi. Ndipo musaganize kuti zimagwera osaphunzira okha, pa benchi panga palirapo aphunzitsi ndi akalaliki a ku esiteti, agogo ena amapulumuka chifukwa choti sapanga kanthu asanafunse.

Wophunzitsa sachita kufuna kukhala wa makompyuta wa ku yunivesite ya MUST ku Ndata ayi, angokhala woleza mtima komanso wosafuna kanthu pa foniyo. Kunena zoona zikanakhala bwino mukanabwera nayo nokha pa Khrisimasi m'malo moipatsira a transipota, mukhale nawo pa mkeka masiku atatu, foni ili m'manja mwawo inu manja kumbuyo. Alongo anu amene akukanawo nawonso akhalepo aone. Mukalephera kubwera auzeni amayiwo adutse pa Chitakale tsiku losakhala la msika chakum'mawa anthu asanachuluke, atenge mafoni onse awiri ndi chiphaso, tidzasinthe pini aike yawoyawo ine nditayang'ana kumbali.