Achimwene, musanatenge ngongole ya V8 ija

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achimwene, ndipo ndakhala nayo sabata yathunthu ndisanayankhe. Mwafunsa chifukwa chake galimoto zikuluzikulu za 4x4, ma Land Cruiser V8, ma Range Rover ndi zinzake, zimadula chonchi, komanso ngati n'kwanzeru kutenga ngongole kuti mugule yakale imodzi, popeza soya wakuyenderani chaka chino ndipo kumudzi kwanu sikufikika m'dzinja. Koma chandigwira mtima ndi chiganizo chanu chomaliza chija, choti mwatopa kufika kwanu ngati mwana. Mawu amenewo ndinawalankhulapo ine ndi pakamwa pangapa.

Bambo anga anatisiya mu Febuluwale, mvula ili pakati. Kwathu ndi ku Ntchisi, cha kumapiri, komwe dothi lake ndi katondo, lija limati likanyowa limagwira nsapato n'kuivula. Uthenga unandipeza usiku ku Lilongwe. M'bandakucha ndinanyamuka ndi azakhali awiri, matumba awiri a ufa ndi kabichi, m'kagalimoto kanga kotsika kamene ndinkapitira kuntchito. Pa tala panalibe vuto. Titangopatuka kulowa msewu wafumbi, kagalimoto kanayamba kuvina, mbuyo uku mutu uku, ndipo pa dambo lina tisanafike pamlatho wamitengo kanakhala pansi ndi mimba. Matayala ankangozungulira, kuponya matope pagalasi.

Anyamata a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu. Anakumba, anathyola nthambi za mtondo n'kuyala pansi, ena anavula malaya n'kumakankha. Zinakanika. Mkulu wina anapita kukamasula ng'ombe zake pangolo. Tili pomwepo inatulukira galimoto yaikulu yoyera ya munthu wina wa kuchibale kwa mayi. Sanachite mwano ayi, anaima, anapepesa, anatenga azakhali ndi thumba limodzi la ufa. Kenako galimoto ija inalowa m'matope omwewo, pambali pathu, n'kutulukira tsidya lina ngati ikuyenda pabwalo. Ine ndinatsala ndi ng'ombe.

Ndinafika masana. Adzukulu anali atatsiriza kumanda, mwambo woona nkhope utadutsa, bokosi atakhoma. Nkhope ya bambo anga sindinaione. Buluku linali matope mpaka m'mawondo, ndipo ndikudutsa pakati pa anthu ndinamva mayi wina akufunsa mnzake motsitsa mawu kuti, "Wa ku tawuni uja ndi ameneyu?" Sanafunse moipa. Koma usiku womwewo, nditakhala pasiwa, ndinalumbira mumtima kuti msewu umenewo sudzandichitanso chipongwe.

Patapita zaka ziwiri ndinagulitsa puloti imene tinkafuna kudzamangapo, ndinaonjezera ngongole ya kubanki, n'kuitanitsa galimoto yaikulu yakale kuchokera kunja. Dzina lake sinditchula, chifukwa cholakwa sichinali cha amene anaipanga. Inatsikira ku Dar es Salaam, inalowera pa Songwe, ndipo msonkho wake wokha unandiumitsa pakamwa. Koma tsiku limene ndinapita nayo kumudzi pa Khirisimasi, achimwene, sindinama, linali lokoma. Ana anaithamangira kuyambira kuchigayo. Mayi anaizungulira akuigwiragwira, misozi ili m'maso. Amfumu anadzuka okha kudzandipatsa moni, ndipo pabwalo anandiikira mpando wa ndalema. Munthu amene akunena kuti ulemu wotere ndi wachabe sanayambe wanyozekapo. Ine sindikudzudzulani pa chimene mtima wanu ukufuna.

Chimene chinatsatira ndicho ndikufuna mumve. M'mawa wina ndinadzuka n'kupeza galimoto yagwada mbali imodzi ngati ng'ombe yodwala. Inalibe masipuling'i achitsulo, inkakhala pa matumba a mpweya amene amakaniko amati air suspension, ndipo thumba limodzi linali litaphulika, kapampu kake katapsa. Ndinazungulira Biwi yense, shopu ndi shopu. Aliyense ankangopukusa mutu, amvekere, "Bwana, imeneyo mpaka tiitanitse." Kuitanitsa kumafuna madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mtengo umene anandiuza Lolemba sunali womwewo Lachisanu. Itakonzedwa, kunabwera mizere ya mafuta ija. Ndinagonapo pa filing'i siteshoni usiku wonse, n'kupatsidwa malita amene galimotoyo inkamwa masiku atatu okha. Kenako giyabokosi inayamba kuchedwa kusintha. Pofika Novembala 2023, kwacha itagwanso ndi 44 peresenti, galimoto inali pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pansi pake, banki ikudula ndalama zake mwezi ndi mwezi osaphonya.

Tsiku limene mwana wathu wamkazi anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mayi ake sanakalipe. Anadikira ana agone, n'kunena kuti, "Bambo, galimotoyi tikudya nayo mbale imodzi, koma ndiwo ikutha yokha." Ndinaigulitsa mwezi wotsatira pamtengo umene mpaka lero ndimaumva kuwawa. Puloti ija pano pali nyumba ya munthu wina, ndimaidutsa popita kutchalitchi.

Ndiye ndinene mosapsatira. Kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi, kapena wa bizinesi yodalira mvula ngati yanuyi, galimoto yapamwamba ya 4x4 yogula pangongole ndi msampha. Poyamba ndinkati zimatengera munthu. Ayi, sizitengera munthu. Imene tingaikwanitse ife ndi ya zaka khumi kapena kuposa, ndipo galimoto yotere imatsika mtengo wogulira koma masipeya ake satsika. Mukugula pamtengo wa munthu wamba chinthu chimene chimadwala matenda a munthu wolemera.

Ndipo chimandipweteka kwambiri n'choti ulemu umenewu tinaphunzitsidwa ndi misewu yoipa. M'dziko limene msewu wa kumudzi ndi wabwino, galimoto yaikulu ndi nkhani ya kukonda chabe. Kuno ndi chizindikiro choti iwe uli m'gulu la anthu amene matope sawakhudza. Akuluakulu amene anayenera kukonza msewu wa kwathu amaudutsa ali m'galimoto imene siwalola kumva bampu ngakhale limodzi, ndiye audandaule bwanji? Mukumbukira kuti mu 2012 Mayi Joyce Banda atangolowa m'boma analengeza zogulitsa ndege ya pulezidenti ndi galimoto 60 za Mercedes-Benz za nduna, ndipo anthu anaomba m'manja. Anaomba chifukwa aliyense amadziwa kuti mtengo wa galimoto imodzi ya bwana ungagule zinthu zingati pachipatala chaching'ono. Ine ndikaona mdipiti wa ma V8 ukudutsa, maganizo anga amapita pa dambo lija ndi mayi woyembekezera amene akudikira ambulansi tsidya lina.

Ambulansi imeneyonso ndi Land Cruiser, ndipo apa mpamene nkhani imagawikana. Ndi ija ya makona, ya mtundu wa 70, imene Toyota inayamba kupanga mu 1984 ndipo ikupangabe mpaka lero. Mkati mwake mulibe chikopa, mulibe firiji. Injini yake yakale ya dizilo ya malita 4.2, imene amakaniko amaitchula kuti 1HZ, ilibe turbo, ndipo mnyamata wa pa galaja ya pa boma amaimasula ndi masipanala wamba. Galimoto imeneyo ndimaivulira chipewa. Imapulumutsa miyoyo.

Ndalamazo zimapita kuti?

Gawo loyamba ndi chitsulo, ndipo limeneli ndi loona. Land Cruiser imamangidwa ngati lole: pansi pali chasisi yachitsulo yooneka ngati makwerero, bodi n'kuikhazika pamwamba. Ili ndi giyabokosi yachiwiri yogawira mphamvu kumatayala onse anayi, yokhala ndi magiya otsika okwerera phiri pang'onopang'ono, ndiponso zokhoma difu kuti tayala limodzi likamazungulira m'matope linzake lisaleke kukoka. Kagalimoto kanga kaja kanalibe zimenezi, n'chifukwa chake kanakhala pansi. Zonsezi n'zolemera, V8 ya mtundu wa 200 imapitirira matani awiri ndi theka, choncho mabuleki, matayala ndi injini ziyeneranso kukhala zazikulu. Ina imanyamula malita 138 a mafuta m'matanki awiri. Muwerengere nokha pamtengo wa lero.

Gawo lachiwiri ndi ulemerero, ndipo limeneli ndi limene lakula kwambiri. Range Rover yoyamba ya 1970 inali ndi mipando ya pulasitiki ndi mphira pansi, yoti mlimi atsuke ndi paipi. Mercedes-Benz G-Class inayamba mu 1979 ku Graz, m'dziko la Austria, ngati galimoto ya asilikali ndi ntchito zakutchire. Land Cruiser nayo inabadwa mu 1951 ngati galimoto yonga ya asilikali. Opanga ataona kuti anthu olemera akuzikonda, anayamba kuthiramo chikopa, matabwa, makamera, mipando yotenthetsa ndi yoziziritsa, ndi makompyuta ambirimbiri. Lexus LX pansi pake ndi Land Cruiser yomweyo, koma mtengo wake ndi wina. Zoonjezerazi sizikuthandizani kuwoloka dambo, ndipo ndi zomwe zimayamba kufa galimoto ikakalamba.

Palinso kusowa. Land Cruiser ya mtundu wa 300 itatuluka mu 2021, anthu anailimbirana moti chaka chotsatira Toyota inauza ogula a ku Japan komweko kuti ena adikira mpaka zaka zinayi. Chinthu chimene mabungwe, migodi, maboma ndi anthu olemera a ku Dubai akuchifuna nthawi imodzi sichingatsike mtengo, ndipo n'chifukwa chake ngakhale yakale imagulitsidwabe modula.

Kenako ifike kuno. Tilibe doko, ndiye mulipira sitima, mulipira doko la eni ake, mulipira woiyendetsa kapena lole yoinyamula. Pachipata a MRA amawerengera msonkho wolowetsera katundu, wina wa excise umene umakwera injini ikakhala yaikulu kapena galimoto ikakhala yakale, ndi VAT pamwamba pa zonsezo. Galimoto ya injini ya malita 4.5 imagwera kumtunda kwenikweni. Zonsezi zimatsatira dola, pamene soya wanu mukugulitsa m'makwacha. Inshuwalansi nayo imatsatira mtengo wa galimoto, chaka ndi chaka, kaya mwaiyendetsa kaya ili pamiyala.

Ndikudziwa alimi a fodya, makontirakitala ndi anthu onyamula alendo kupita ku Nyika kapena kukwera msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia amene galimoto yamphamvu ndi khasu lawo. Imawabweretsera ndalama sabata iliyonse, ndipo ambiri a iwo sayendera zachikopa, amayendera zolimba. Amenewo ndilibe nawo mawu. Ine ndinkapita ku Ntchisi kanayi kapena kasanu pachaka, ndipo pa maulendo amenewo a matope anali awiri. Masiku ena onse ndinkakoka matani awiri ndi theka kuchoka kunyumba kupita ku Old Town, pa tala, ndili ndekha.

Yankho langa ndi ili. Tengani pepala, mulembe masiku amene munalepheradi kufika kwanu chaka chathachi. Akakhala ochepa, sungani galimoto muli nayoyo, ndipo tsiku la matope muzichita hayala ya 4x4, n'zimene ndimachita ine tsopano. Ngati ntchito ya soya imakulowetsani m'midzi sabata ndi sabata, gulani pikapu ya dizilo ya 4x4, monga Hilux, imene imapangidwa ku Durban, ku South Africa konkuno, ndipo masipeya ake ali paliponse. Inyamulanso matumba ambiri, chimene V8 singachite. Ngati mtima wakanirirabe pa yaikuluyo, musaigule pangongole, mupewe ya air suspension, mupite ndi makaniko wanuwanu akaigone pansi, ndipo mufunsiretu mtengo wa matayala anayi musanapereke kalikonse.

Pepala limenelo muwaonetse mayi a kunyumba musanapite kubanki. Ine sindinawaonetse, anamvera kwa woyendetsa atafika kale pa Songwe.