Kusamutsa nkhokwe ya mabuku kuchoka pa laputopu kupita pa foni

Mayi, funso lanu ndalimva motere: muli ndi mabuku ndi nkhani za kafukufuku pafupifupi 700 zimene munasonkhanitsa mu EndNote (pulogalamu yosungira kaundula wa mabuku ndi maumboni) pa laputopu, mukupita ku Vubwi, kum'mawa kwa Zambia, kukacheza ndi alimi a mtedza kwa miyezi iwiri, ndipo popeza kumeneko magetsi ndi netiweki n'zosadalirika, mukufuna kuti zonsezo muzikaziona pa foni yanu ya Android. Zimenezi n'zotheka ndithu, koma musanayambe muzindikire kuti mukunyamula katundu wamitundu iwiri. Woyamba ndi kaundula, kutanthauza dzina la wolemba, mutu, chaka ndi masamba, ndipo ameneyu ndi wopepuka kwambiri. Wachiwiri ndi mafayilo a PDF, omwe ndi olemera, ndipo mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo amachokera kwa iwowa.

EndNote ili ndi pulogalamu ya pa iPad ndi iPhone, koma ya Android palibe. Mendeley, pulogalamu ina yofanana nayo, inatseka pulogalamu yake ya pa foni m'chaka cha 2021. Ine ndimagwiritsa ntchito Zotero, yomwe ndi yaulere, inayambira ku George Mason University ku America mu 2006, ndipo tsopano ikupezeka pa Play Store.

Kusamutsa kwenikweni kumachitikira pa laputopu, osati pa foni. Choyamba koperani nkhokwe yanu yonse ya EndNote pa fulashi, pamodzi ndi foda imene dzina lake limathera ndi .Data, ndipo fulashiyo muisunge kunyumba. Mukatero sankhani zonse mu EndNote, dinani File kenako Export, n'kusunga ngati XML. Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri: fayilo ya XML imeneyi muiike m'kati mwa foda ya .Data ija, chifukwa Zotero ikamalowetsa kaundula imafunafuna ma PDF pafupi ndi pamene fayiloyo yakhala. Mukaisunga pa Desktop, mitu yonse idzalowa bwinobwino, mudzasangalala, koma podina nkhani iliyonse mudzapeza kuti chigoba chilipo, mtedza mulibe. Magulu amene munagawa mu EndNote nawonso sabwera okha, choncho ngati mumawadalira, tulutsani gulu lililonse palokha ndipo mulilowetse mu Zotero ngati collection yakeyake (ndi mmene Zotero imatchulira gulu).

Ena amakonda kusunga ngati RIS, mtundu wina wa fayilo ya kaundula, m'malo mwa XML. Imagwira ntchito, ndipo ubwino wake ndi wakuti mutha kuitsegula ndi Notepad n'kuwerenga nokha mizere yoyamba ndi TY, AU, TI ndi PY. Mukasankha njira imeneyi onetsetsani kuti yasungidwa mu UTF-8, kasungidwe kamene sikawononga zilembo zapadera. Ine nthawi ina ndinanyalanyaza zimenezi, ndipo ndinadzaona nditafika kale ku Chadiza kuti paliponse pamene panali chilembo cha ŵ, monga m'mawu akuti Malaŵi ndi Cheŵa, panali timizukwa ta zizindikiro zosawerengeka. Ndinkati ndikafufuza mutu wa buku pa foni, osaupeza, pamene bukulo linalimo. Ndinakonza mitu yoposa 40 ndi chala chimodzi, usiku, pansi pa kuwala kwa tochi, ndipo cholakwa chinali changa chifukwa sindinayang'ane ndisananyamuke. Inu mukalowetsa, tsegulani mitu 20 mwachisawawa, makamaka ya Chinyanja ndi ya malipoti a boma, muone ngati wolemba, chaka ndi PDF zili m'malo mwake. Malipoti a ku Msekera (malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chipata) kapena a unduna nthawi zambiri wolemba wake amakhala bungwe, ndipo dzina la bungwe limatha kuduka pakati ngati kuti ndi dzina la munthu ndi la bambo ake.

Tsopano za malo. Mukatsegula akaunti ya Zotero n'kuyatsa sync (kulumikiza nkhokwe yanu kudzera pa intaneti) pa laputopu ndi pa foni, kaundula yense amawoloka kwaulere, kaya ndi wamkulu bwanji. Ma PDF okha ndi amene ali ndi malire a 300 MB kwaulere, ndipo 2 GB ndi madola 20 pa chaka. Nkhani ya m'jenala imakhala ya 1 MB kapena 2 MB, koma thesis yojambulidwa pa sikana imatha kupitirira 30 MB, moti khumi zokha zingadzaze malo onse. Maganizo anga ndi akuti simufunika kunyamula zonse 700. Sankhani 60 kapena 80 zimene mudzaziwerengadi kumudzi, zotsalazo zipite ndi kaundula yekha. Dziwaninso kuti Zotero imasiyanitsa fayilo yosungidwa m'kati mwake ndi fayilo yongolozeredwa pa foda ina ya pa laputopu. Yongolozeredwayo siifika pa foni ngakhale mutalipira malo.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakulepheretseni kusamuka kwathunthu. Ngati mwalemba kale mitu ingapo ya thesis mu Word ndipo maumboni munawaika ndi EndNote, Zotero siingawazindikire ngati ake. Zikakhala choncho, musataye EndNote. Pitirizani kulembera nayo mukabwerera ku Chipata, ndipo Zotero ya pa foni ikhale yowerengera ndi kulembamo ndemanga basi. Buku latsopano limene mungalipeze kumeneko mulipatse chizindikiro chimodzi, monga tag yakuti Vubwi, kuti pobwera mudzangotulutsa okhawo n'kuwalowetsa mu EndNote popanda kubwereza zolembedwa kale.

Foni siikopera ma PDF onse yokha. Imakopera pamene mwaitsegula fayiloyo kapena mwailamula kutero. Choncho musawononge bandulo yanu: khalani pamene pali Wi-Fi tsiku limodzi musananyamuke, tsegulani zonse zimene mwasankha, kenako ikani foni pa airplane mode ndipo muyese kutsegula khumi mwa izo. Zikatseguka netiweki itazima, ndiye kuti zilidi m'fonimo. Ndemanga zimene mudzalemba kumudzi zidzakhala pa foni pokha mpaka mutapeza netiweki, choncho tsiku lililonse mukafika pa boma la Vubwi yatsani data kwa mphindi zochepa kuti zikwere, ndipo musatuluke mu akaunti kapena kufufuta pulogalamuyo pofuna kupeza malo a zithunzi ndemangazo zisanakwere.