Fupa la msongolo likakana kulumikizana, musathamangire kugulitsa munda

Mayi wina wandilembera imelo. Amuna awo amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndipo anathyoka msongolo pangozi mpaka fupa kutulukira kunja. Miyezi yadutsa, fupalo silikulumikizana. Mlamu wawo wa ku Joni wawatumizira kanema pa WhatsApp wonena za kachipangizo ka polima (zinthu za mtundu wa pulasitiki) kamene madokotala amaika pothyokapo, n'kumatulutsa mapuloteni omeretsa fupa. Mayiwo akufunsa ngati agulitse munda kuti bambowo akalandire thandizoli kunja.

Mayi, imelo yanu yandilasa mtima. Mng'ono wanga anagundidwa ndi minibasi, ndipo gadiyani wake ndinali ine. Tinafika kuchipatala madzulo, mwendo anangoukulunga bandeji n'kutiuza kuti kufiyeta kwadzaza. Tinadikira mpaka bala linayamba kununkha. Atamuika zitsulo zogwira fupa kunja kwa mwendo, ntchito yanga inali yopukuta m'mbali mwa misomali ija ndi thonje ndi madzi amchere owiritsa, mafinya akutuluka pang'onopang'ono, iye ataluma ngodya ya pilo kuti asakuwe pamaso pa odwala anzake. Azakhali anabwera ndi mizu yawo m'kachitenje, akunenetsa kuti pali munthu amene wamanga mwendowo. Ekisire iliyonse inkaonetsa mzere wakuda womwewo pakati pa mafupa awiri. Ana ake anasiya sukulu temu yathunthu. Usiku, nditagona pansi pa bedi lake, ndinkawerenga pafoni chilichonse chokhudza mafupa, ndipo ndi momwe ndinadziwira za mapuloteni amenewa.

Kanemayo sakunama kotheratu. Mu 1965 dokotala wa ku Los Angeles, Marshall Urist, anaika tizidutswa ta fupa lochotsedwa laimu m'mnofu wa akalulu ndi makoswe, ndipo m'mnofumo munamera fupa latsopano. Chimene chinkaitana fupalo anadzachitcha bone morphogenetic protein, mwachidule BMP. Vuto ndi loti puloteniyo mukangoithira pabala, magazi amaikokolola isanagwire ntchito. Pamafunika choisunga pamalopo. Kampani ya Medtronic imagulitsa mtundu wina wa puloteniyi, wotchedwa BMP-2, pansi pa dzina loti Infuse, ndipo amainyowetsa pa kasiponji kopangidwa ndi kolajeni (puloteni ya m'mitsempha ndi m'zikopa) wa ng'ombe, kooneka ngati kachinkhupule, kamene thupi limadzakasungunula lokha. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza Infuse mu 2002 polumikiza mafupa a msana, kenako mu 2004 pa msongolo wongothyoka kumene fupa litatulukira kunja, osati umene watha miyezi usakulumikizana ngati wa amuna anu. Kafukufuku amene anatsegula njirayi anali wa odwala 450 m'mayiko angapo, ndipo omwe analandira mlingo wokwanira sanabwerere kufiyeta kawirikawiri ngati anzawo.

Kasiponjiko kamataya puloteni mwachangu, choncho amaika yochuluka kwambiri kuposa imene thupi limapanga. N'chifukwa chake akatswiri akulimbana ndi mapolima ena monga PLGA, wa mtundu womwewo ndi ulusi wosokera mabala umene umasungunuka wokha, kuti puloteni izidontha pang'onopang'ono kwa masabata. Zambiri mwa zimenezi zikadali m'malabotale ndi pa nyama zoyesera. Wina akakuuzani kuti ali nazo zogulitsa, mufunseni dzina lake lenileni la mankhwalawo ndi bungwe limene linawavomereza.

Ndipo pali mbali imene makanemawa sanena. Mu 2008 FDA inachenjeza kuti odwala ena amene anaikidwa BMP m'mafupa a khosi anatupa mpaka kubanika. Mu 2011 magazini ya The Spine Journal inatulutsa kope lathunthu loonetsa kuti malipoti oyambirira, olembedwa ndi madokotala amene ankalandira ndalama ku kampani ya Medtronic, sanatchule mokwanira zovuta zimene odwala anakumana nazo. Kwa ena fupa limamera pamalo osayenera. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa kanema wokongola amafika m'manja mwa mayi amene ali ndi munda umodzi wokha, ndipo palibe amene amamuuza mbali inayi.

Ndinene mosapsatira. Puloteni imeneyi siipha tizilombo, ndipo siigwira fupa logwedera. Paliponse pamene pali mafinya saiika n'komwe. Mwendo wa mng'ono wanga sunkasowa chozizwitsa cha ku America. Unasowa jakisoni wa maantibayotiki ola loyamba lija, ndi kutsukidwa bwino kufiyeta tsiku lomwelo. Zinthu zotchipa zimenezi zikachedwa, banja limadzalipira ndi ng'ombe, njinga ndi minda. Tili ndi makabaza m'misewu yonse, anyamata okwera atatu panjinga imodzi, ndipo chipewa cholimba chija, ngakhale achivale, sichiteteza msongolo. Mafupa ambiri m'maboma mwathu amawasamalira ndi makiliniko ofesala a mafupa, maphunziro amene anayamba mu 1985, ndipo anthu amenewa ndimawavulira chipewa. Koma munthu mmodzi sangatsuke mabala khumi usiku umodzi, magetsi atathima, magolovesi atatha. Tisanasirire polima, tikuwe kaye za sopo, magazi ndi nthawi ya kufiyeta.

Chimene chinadzapulumutsa mwendo uja ndi dokotala wina amene anatsegulanso balalo, n'kupala fupa lonse lakufa, kupereka mankhwala mpaka mafinya atauma, kenako kutenga fupa lofewa la m'chiuno mwa mwini wakeyo n'kulilongeza pampatapo. Fupa la m'chiuno limabwera ndi maselo ake amoyo komanso BMP yake yachilengedwe, ndipo mpaka lero madokotala amayezera njira zina zonse pa limeneli. Pali ngakhale njira ya dokotala wa ku France, Alain Masquelet, yoika simenti ya mafupa pampata waukulu kwa masabata angapo. Simentiyo nayo ndi polima. Thupi limaikuta ndi kachikopa kotulutsa mapuloteni omeretsa fupa, ndiye amachotsa simenti n'kuikamo fupa la m'chiuno.

Zoti muchite, mayi

Munda musagulitse panopa. Pemphani kalata yoti akaonedwe ndi dokotala wa mafupa ku chipatala chachikulu, kaya ku Queens, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku LION, chipatala cha mafupa ku Lilongwe, ndipo mutenge maekisire onse kuyambira loyamba. Mukafunse ngati m'fupamo muli tizilombo, ngati zitsulo zikugwirabe bwino, ndiponso ngati angamuike fupa la m'chiuno. Ayezedwe shuga ndi HIV, azidya nyemba, usipa ndi mazira. Ngati bambowo amasuta fodya asiye lero, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika pothyokapo ndipo amachedwetsa fupa kulumikizana.