Penti wakale pa tizidole tachitsulo amachoka ndi kuviika, osati kupala

Achimwene, mwati mwagula tizidole takale ta Warhammer, masewera a nkhondo oseweredwa patebulo ndi tizidole ta asilikali, kwa munthu amene anasiya masewerawa, ndipo penti wake ndi wochindikala moti nkhope za asilikali sizikuoneka n'komwe. Mukufunsa ngati mungapale ndi sandipepa kapena kungopenta pamwamba. Zonse ziwirizo musachite. Mukapenta pamwamba mukwirira tizinthu tating'ono timene tatsala, monga maso, malamba ndi mabatani. Sandipepa ndi mpeni nazonso zimadya chitsulo chenichenicho, chifukwa chitsulo cha tizidoleti n'chofewa kwambiri, ndipo mphuno ikaphwatalala sibwereranso. Ubwino wake ndi woti chitsulo chomwecho sichiopa mankhwala amene amasungunula penti. Ntchito yaikulu igwiridwe ndi botolo, inu mungomaliza ndi mswachi.

Musanaviike chilichonse, onetsetsani kuti zonse ndi chitsulo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalirira. Tizidole tambiri ta Citadel (dzina la tizidole ta Games Workshop, kampani yopanga Warhammer) ta m'ma 1990 tili ndi thupi lachitsulo, koma manja, mfuti, zishango ndi zikwama zakumbuyo ndi zapulasitiki. Kambale kakuda koimikapo kaja nakonso ndi kapulasitiki. Komanso kuyambira 2011 Games Workshop inayamba kuumba tizidole tina tomwe kale tinali tachitsulo pogwiritsa ntchito resin, chinthu chopepuka chonga pulasitiki, pa dzina la Finecast, ndipo tikapentedwa timafanana ndendende ndi tachitsulo. Kanyamuleni m'manja. Kachitsulo kamalemera ndipo kamazizira, ka resin kamapepuka. Ngati mukukayikabe, kandani pang'ono kunsi kwa mapazi ndi nsonga ya singano muone ngati pakunyezimira.

Pa chitsulo chokhachokha palibe choposa acetone, mankhwala amadzimadzi osungunula penti. Gulani weniweni ku sitolo ya zomangira. Wochotsera penti wa m'zikhadabo amagwiranso, koma ndi wofooka, amakhala ndi timafuta, ndipo mabotolo ena alibiretu acetone, choncho werengani zolembedwa pabotolo. Thirani m'botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro chachitsulo, lowetsani tizidole timire bwinobwino, tsekani. Penti wa acrylic, uja wosungunula ndi madzi popenta, amayamba kukwinyika pasanathe ola limodzi, n'kumasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Acetone amasungunulanso supaguluu, ndiye musadabwe kupeza mitu ndi manja zagwera pansi pa botolo. Ine ndimaona kuti zimenezo n'zabwino, chifukwa munthu amene anapenta moipa chonchi kawirikawiri amakhala kuti anamatanso mokhota. Ingojambulani chithunzi pafoni musanaviike, ndipo musasakanize magulu osiyana m'botolo limodzi. Koma pulasitiki asalowemo ngakhale kachidutswa, amasungunuka n'kumatirira pa chitsulo. Acetone sachedwa kugwira moto, ndiye gwirirani ntchito pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsegula, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya.

Ngati zapulasitiki zikukana kuchoka ndipo mukuopa kuthyola, apo ndi pa Dettol. Ndikunena wabulauni wa m'botolo uja, wotsukira zilonda, osati sopo kapena wopopera. Musamusungunule ndi madzi. Viikani usiku wonse, penti akakhala wamakani siyani tsiku lina. Sawononga chitsulo, ndipo pulasitiki wolimba wa tizidole amapirira bwino.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa amene amanyoza Dettol kuti amasiya zomatamata nthawi zambiri amakhala kuti analakwitsa malo amodzi. Tonse timadziwa kuti Dettol akakumana ndi madzi amasanduka woyera. Penti wofewa uja akakumana ndi madzi pa nthawi imeneyo amagwirana n'kukhala phula lonanda, lomata pa mswachi, pa zala ndi m'timakwinya tonse ta kachidole. Choncho mukatulutsa kachidole musathamangire kumpopi. Kwechani ndi mswachi wouma, muziuviika mu Dettol yemweyo, ndipo muzipukuta zochokazo pa nyuzipepala. Mukaona kuti chitsulo chaonekera paliponse, pakani sopo wamadzi wotsukira mbale kachidole kasanakhudze madzi, kwechaninso, kenako ndiye mutsukuluze. Zikakhala kuti zamata kale, bwezerani m'botolo mudikire, zimafewanso. Valani magolovesi, apo ayi khungu la m'zala limauma n'kumasupuka. Ngati pakhomo pali mphaka botolo likhale lotseka ndipo mupukute podontha, chifukwa mankhwala a mu Dettol ndi poizoni kwa amphaka. Fungo lake lokha ndiye palibe chochita, nyumba imanunkhira chipatala.

Isopropyl alcohol wa 99%, mtundu wa spiriti, ndi wina wabwino, satulutsa phula lija ndipo sasungunula pulasitiki wolimba, kungoti sapezeka paliponse. Spiriti wapepo amafewetsanso acrylic, ngakhale mswachi umagwira ntchito yambiri. Ngati pentiyo ndi wonyezimira, wolimba, wosakandika ndi chikhadabo, mwina ndi enamel ngati wa m'tizitini ta Humbrol. Ameneyu spiriti samutha bwino, pitani ku acetone ndipo mudikire nthawi yaitali. Ena akuuzani za mafuta a mabuleki a galimoto. Amagwiradi, koma ndi poizoni ndipo kowataya kumavuta, sindiona chifukwa chowalowetsera m'nyumba pamene pali njira zina.

Viniga yekha musayese n'komwe, ndipo chifukwa chake ndi mtovu. Tizidole takale tinkaumbidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi mtovu, ndipo Citadel inasinthira ku chitsulo chopanda mtovu mu 1997. Asidi wa mu viniga amadya mtovu n'kuyambitsa kuola kumene osonkhanitsa tizidole amati lead rot, chitsulo chimachita ufa woyera n'kumanyenyeka. Yang'anani kachitsulo kopyapyala kamene kali pansi pa mapazi, kolowa m'kambale kaja. Tambiri ta Citadel tili ndi chaka pamenepo. Ngati chakacho ndi cha 1997 isanafike, ganizani kuti muli mtovu. Kugwira kokha si vuto lalikulu, vuto ndi fumbi ndi kukamwa. Sambani m'manja mukamaliza, musadye pamalo ogwirira ntchito, ana asamasewere nato, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chosiyira sandipepa.

Ndinenenso kwa ena amene akuwerenga, poti si tonse tili ndi Warhammer. Ngati muli ndi asilikali amtovu a kampani ya Britains, aja opanda kanthu m'kati amene anasiya kupangidwa mu 1966, musawaviike. Amenewo anapentedwa kufakitale, ndipo ogula zakale amafuna penti woyambirirayo ngakhale atasupuka pena ndi pena. Mukachotsa mwatsitsa mtengo.

Tibwerere kwa inu achimwene. Mswachi sufika m'khwapa, pakati pa zala ndi m'timaunyolo ta malaya achitsulo. Mmenemo tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano penti akadali wofewa, poti mtengo sukanda chitsulo. Zikakanika viikaninso, kulimbana nazo ndi mphamvu kumangopinda malupanga ndi mikondo. Musavutike kufuna kuti kachidole kawale ngati katsopano. Chitsulo chikada pang'ono, kapena m'kati mwa makwinya mukatsala kamtundu kosachindikala, palibe amene adzaone mukapenta. Chofunika ndi choti pasatsale zibuluma. Potsukuluza gwiritsani ntchito beseni, chifukwa kadzanja kakang'ono kakalowa m'paipi ya sinki kapita. Mankhwala otsala musataye, sefani ndi kansalu kakale mubwezere m'botolo, agwiranso ntchito ulendo wina. Zinyalala za penti zisiyeni ziume pa pepala n'kutaya ku bini.

Mukatsuka ndi sopo, siyani tizidole tiume usiku wonse, chifukwa madzi amabisala m'timabowo ndipo penti watsopano sagwira pa chinyezi kapena pa mafuta a Dettol. Nthawi imeneyi ndi yabwino kuwongola malupanga opindika pang'onopang'ono ndi zala, ndi kumatanso ziwalo. Zolemera monga mapiko a chinjoka, boolani timabowo mbali zonse ziwiri mulowetse kawaya musanathire guluu, apo ayi zidzagwa tsiku loyamba la masewera. Kenako poperani primer, penti woyamba wogwiritsa penti winayo, mopyapyala, chitini chikhale pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, kawiri kopepuka m'malo mwa kamodzi kolemera. Yambani ndi kachidole kamodzi komwe simukukakonda kwenikweni, ndipo mutitumizire chithunzi cha pansi pa mapazi ake tikuthandizeni kudziwa ngati ndi kamtovu.