Kodi Barcelona ya Guardiola inakwera ndi wenzulo wa Øvrebø?

Achimwene, mwafunsa ngati ufumu wa Barcelona ya Guardiola unayamba ndi kubera Chelsea, komanso ngati timuyi ikanamveka pakanapanda woimbira uja wa ku Norway. Ndaona anthu akungokuyankhani ndi zithunzi zoseka, ndiye ndati ndiyankheko motalikirapo. A Chelsea musafulumire kukwiya, chifukwa poyambira pomwe ndikuvomerezana nanu: pa 6 Meyi 2009, m'gemu yachiwiri ya semifainolo ya Champions League pakati pa Chelsea ndi Barcelona, Tom Henning Øvrebø anaimbira moipa, ndipo amene anapwetekeka kwambiri ndi Chelsea. Chimene ndikukana n'chakuti ufumuwo unabadwa usiku umenewo.

Tibwerere chaka chimodzi m'mbuyo. Mu Meyi 2008 Barcelona inali timu yomvetsa chisoni. Inapita ku Bernabéu, bwalo la Real Madrid, eni bwalowo atatenga kale ligi, osewera ake anachita kundanda mizere iwiri kuombera m'manja adani awo polowa m'bwalo, kenako n'kuthidzimulidwa 4-1. Inamaliza ligi pa nambala 3, kumbuyo kwa Villarreal, mapointi 18 pansi pa Madrid. Mphunzitsi Frank Rijkaard anachoka. José Mourinho anali wopanda ntchito ndipo mpandowo ankaufuna, koma pulezidenti wa kalabu Joan Laporta, atamvera Johan Cruyff amene kale anali mphunzitsi wa timuyi, anaupereka kwa Pep Guardiola wa zaka 37, amene anali ataphunzitsapo timu yachiwiri ya Barcelona kwa chaka chimodzi chokha. Atangofika ananena poyera kuti Ronaldinho, Deco ndi Samuel Eto'o sali m'mapulani ake. Ronaldinho anapita ku AC Milan, Deco ku Chelsea konko, Eto'o yekha ndiye anakakamira, ndipo anadzamwetsa zigoli 30 mu ligi. Guardiola anagula Dani Alves ndi Seydou Keita ku Sevilla, anabweza Gerard Piqué kuchokera ku Manchester United, n'kukweza mnyamata wosadziwika dzina lake Sergio Busquets. Gemu yoyamba ya ligi anagonja 1-0 ndi Numancia, yachiwiri anafanana mphamvu ndi Racing Santander, anthu n'kuyamba kunong'ona kuti Laporta walemba ntchito mwana. Kuchokera apo timu inayamba kuswa aliyense amene inakumana naye.

Ndiye taonani tsiku ili: 2 Meyi 2009. Kwatsala masiku anayi okha kuti apite ku London, Barcelona inabwerera ku Bernabéu kuja inachitidwa chipongwe, n'kuikwapula Madrid 6-2 pakhomo pake. Guardiola anachotsa Messi kumphepete n'kumuika pakati kuti azibwerera m'mbuyo kudzatenga mpira, otseka kumbuyo a Madrid n'kusowa woti amugwire. Ligi inathera pomwepo. Øvrebø anali asanaimbe wenzulo ngakhale kamodzi.

Tsopano gemu yeniyeniyo. Yoyamba ku Camp Nou, kwawo kwa Barcelona, inatha 0-0, ndipo amene ankadandaula ndi woimbira tsiku limenelo anali a Barcelona, ponena kuti Bosingwa anakoka Thierry Henry m'bokosi. Ku Stamford Bridge, kwawo kwa Chelsea, a Barcelona anafika opunduka: Puyol woletsedwa chifukwa cha makadi, Márquez ndi Henry ovulala, mpaka Yaya Touré anachita kumubweza kuti akatseke kumbuyo ndi Piqué. Guus Hiddink, mphunzitsi wa Chelsea, anaiwerenga bwino gemu. Pa mphindi 9 Michael Essien anamenya mpira uli m'malere ndi mwendo wamanzere, unagunda chitsulo cham'mwamba n'kulowa. Kuyambira apo Barcelona inkangozungulitsa mpira popanda kumuyesa Petr Čech, pamene Chelsea ikangoutenga inkafika pagolo.

Madandaulo a penate amene anthu amawerenga ndi anayi kapena asanu, koma si ofanana kulemera kwake. Alves anagwira Malouda kuyambira kunja mpaka kulowa naye m'bokosi, woimbira n'kupereka firikiki panja. Apo munthu angathe kumumvetsa, ngakhale ine ndikanaloza pakadontho. Abidal anakoka malaya a Drogba. Kunali kukoka ndithu, koma Drogba anali ndi mbiri yogwa msanga, ndipo ndikuganiza kuti mbiriyo inamudya usiku umenewo. Ya Touré pa Drogba ija ndimaikana, anayamba wakhudza mpira. Koma ya Piqué ilibe chodzikanira. Anelka anaukankha mpira kuti amudutse, dzanja la Piqué lili panja pa thupi, mpira n'kugunda dzanjalo poyera, woimbira ali pafupi. Imeneyo ndi penate kulikonse, ngakhale pabwalo la fumbi. Yomaliza ndi ya Eto'o, amene anatembenuka mkono uli m'mwamba n'kutchinga shoti ya Ballack m'mphindi zoonjezera. Ndi pamene Ballack anamuthamangitsa woimbira mtunda ndithu, akumukalipira m'khutu manja ali m'mwamba.

Koma pali chinthu chimene a Chelsea sakonda kuchitchula. Pa mphindi 66 Øvrebø yemweyo anapatsa Abidal kadi yofiira, pomwe zithunzi zimaonetsa kuti Anelka anachita kudzipinga yekha miyendo. Barcelona inatsala anthu 10, ikutsalira 1-0, kutatsala pafupifupi theka la ola. Munthu amene wadya chibanzi kuti Barcelona ipite ku fainolo ya ku Rome sachita zotero. Ndipo mbiri yake imatiuza zomwezo: pa Euro 2008 anakana chigoli chabwinobwino cha Luca Toni pa gemu ya Italy ndi Romania, ndipo mu Febuluwale 2010 analola chigoli cha Miroslav Klose wa Bayern Munich ali pa ofusayidi yoonekeratu polimbana ndi Fiorentina. Anali woimbira amene gemu zikuluzikulu zinkamukulira. Nkhani ija yakuti UEFA sinkafuna kuti Chelsea ndi Manchester United akumanenso mu fainolo monga ku Moscow mu 2008 imakoma kuikamba, koma palibe amene anabweretsapo umboni wake. Øvrebø mwini wake anadzavomera patapita zaka kuti tsikulo silinali lake, ndipo anthu anafika pomuopseza kuti amupha.

Tisaiwalenso kuti Chelsea inali ndi mpata wotseka nkhani yokha. Drogba anatsala yekha ndi Víctor Valdés m'chigawo chachiwiri, goloboyiyo n'kuutchinga ndi mwendo. Ndipo chigoli cha mphindi 93 chija chinadutsa pa mwendo wa Essien yemwe uja: anaphonya pofuna kuuchotsa, Messi n'kuutola, n'kuupereka chammbali kwa Iniesta, iye n'kuumenya ndi kunja kwa phazi mpaka pakona yam'mwamba. Inali shoti yokhayo ya Barcelona yolunjika pagolo usiku wonse. Gemu inatha 1-1, Barcelona n'kudutsa ndi lamulo la chigoli chakoyenda, limene UEFA inadzalichotsa mu 2021. Drogba, amene anali atatulutsidwa kale, anabwerera m'bwalo atavala masilipasi n'kukatukwana pamaso pa kamera, Bosingwa n'kumutcha woimbira wakuba, onse awiri analetsedwa magemu angapo.

Ndiye woimbirayo anasintha chiyani? Apa ndiye a Barcelona nanunso muvomereze, chifukwa si zazing'ono. Penate imodzi yokha ikanalowa, kunalibe fainolo ya ku Rome pa 27 Meyi, imene Eto'o ndi Messi anagonjetsa Manchester United 2-0. Kunalibe zikho zitatu m'chaka chimodzi, zimene timu ya ku Spain inali isanachitepo. UEFA Super Cup ndi chikho cha makalabu a dziko lonse ku Abu Dhabi sakanazipikisana n'komwe, choncho zikho zisanu ndi chimodzi za 2009 zikanakhala zitatu. Dzina limene Guardiola anapanga m'chaka chake choyamba likanachepa kwambiri. Koma ligi ndi Copa del Rey, imene anatenga pogonjetsa Athletic Bilbao 4-1 patangotha sabata, zinalibe chochita ndi Øvrebø. Ku Rome nakonso anapita opanda Abidal ndi Alves, onse oletsedwa chifukwa cha makadi a woimbira yemweyo, Puyol akusewera kumanja, Touré pakati, koma United ya Ronaldo ndi Rooney inangolimba mphindi khumi zoyambirira basi.

Muzu wa timuyi uli kutali, kwa Cruyff amene anafika ngati mphunzitsi mu 1988 n'kukhazikitsa kaseweredwe kamodzi kuyambira kwa ana a ku La Masia, sukulu ya mpira ya Barcelona, mpaka timu yaikulu, Guardiola mwiniyo ali mmodzi wa ana akewo. Xavi, Iniesta ndi Puyol anali atatenga kale Euro 2008 ndi Spain, anadzatenganso World Cup mu 2010, ndipo chaka chimenecho atatu oyamba pa Ballon d'Or anali Messi, Iniesta ndi Xavi, onse oleredwa pakhomo limodzi. Zikho 14 m'zaka zinayi sizingachokere pa dzanja la Piqué lokha.

Chimene chinakulitsa mbiri yoti amakonderedwa ndi 2011. Massimo Busacca anapatsa Robin van Persie kadi yachikasu yachiwiri chifukwa chomenya mpira wenzulo atalira, m'bwalo losokosera la Camp Nou, Arsenal ili patsogolo pa zigoli zonse. Chigamulo chimenecho kwa ine n'chopusa kuposa zambiri za Øvrebø. Kenako Pepe wa Real Madrid anatulutsidwa pa gemu yawo ndi Barcelona, Mourinho, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa Madrid, n'kukhala pamaso pa atolankhani kutchula oimbira mmodzimmodzi, Øvrebø ali m'gulumo. Koma Mourinho yemweyo sanatchule za 2010, pamene Inter yake inatulutsa Barcelona chigoli cha Milito chikukayikitsa kuti anali pa ofusayidi, ndipo cha Bojan chakumapeto chinakanidwa ponena kuti Touré anagwira mpira. Mu 2012 Chelsea inabweza ngongole ku Camp Nou ili ndi anthu 10, Terry atatulutsidwa, Messi n'kumenyetsa penate pachitsulo, Torres n'kutseka nkhani.

Ngati mukufuna pomangira mlandu wolimba, achimwene, siyani Øvrebø mupite kwa José María Enríquez Negreira. Mu 2023 zinaululika kuti Barcelona inalipira makampani a mkuluyu ndalama zoposa ma euro 7 miliyoni pakati pa 2001 ndi 2018, iye ali wachiwiri kwa wapampando wa komiti ya oimbira ku Spain. Kalabuyo imati inkagula malipoti ofotokoza za oimbira, ndipo nkhaniyi inakafika kukhoti. Zaka za Guardiola zili m'kati mwa nthawi imeneyo, choncho funso lake ndi lomveka ndipo a Barcelona asamalithawe. Kungoti limakhudza oimbira a ku Spain ndi magemu a ku Spain. Wosankha woimbira wa ku Stamford Bridge inali UEFA, ndipo Negreira analibe mpando kumeneko.