Chogwirira kamera pagalimoto mungathe kupanga nokha

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kupanga nokha chogwirira kamera kuti muzijambula galimoto ikuyenda kuno ku Kasungu. N'zotheka ndithu.

Yambani ndi bawuti. Kabowo kapansi pa kamera kamalandira bawuti ya 1/4 inchi, ya mizere 20 pa inchi imodzi. Ya M6 imaoneka ngati yomweyo, koma mukaikakamiza imadya mizere ya m'kabowoko, kamera yanu n'kuwonongeka. Wogulitsa akakuuzani kuti n'chimodzimodzi, kanani.

Kenako pezani zomata zamphira zija amanyamulira magalasi a mazenera. Zikhale zitatu, chimodzi chokha chimagwedera. Zomatazi zimagwirira paipi pabodi ya galimoto, kamera n'kukhala kumapeto kwa paipiyo italoza galimotoyo. Paipi ikhale ya aluminiyamu, poti yachitsulo imalemera n'kumatula mphira. Owotcherera akupangirani tomangira mosavuta.

Musanamate, pukutani ndi kansalu konyowa. Fumbi lathu lam'chilimweli likatsalira ngakhale pang'ono, mpweya umalowa, mphira n'kutaya. Matani pamene bodi ili yolimba, osati pakati pa boneti pomwe pamabonyoka mukadina ndi chala. Kamerayo muimangenso ndi chingwe china kugalimoto. Ine izi sindinyengerera, chifukwa mphira umasiya mwadzidzidzi.

Pojambula zimitsani injini kuti isanjenjemeretse paipi, anzanu azikankha galimotoyo pang'onopang'ono, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ikhale yotseguka sekondi imodzi kapena awiri. Pachithunzi galimoto imatuluka bwinobwino, pomwe msewu ndi matayala zimaoneka ngati zili paliwiro. Masana kuwala kumachuluka, ndiye dikirani dzuwa lipendeke kapena ikani ND filter, kagalasi kochepetsa kuwala kolowa m'kamera.

Wina akhale pachiwongolero, podziwa kuti injini ikazima mabuleki amalimba. Sankhani malo athyathyathya opanda anthu, ndipo chonde musakayesere pamsewu wa M1.